Liwu la "interest" m'nkhani za atolankhani: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa atolankhani ongoyamba kumene ntchito, kwa omasulira nkhani za pa wailesi, ndi kwa owerenga amene amaona liwu limodzimodzili pa tsamba la zamalonda komanso pa tsamba la ndale. Nkhani zambiri kuno kwathu zimalembedwa kaye m'Chingerezi kenako n'kumasuliridwa, ndipo liwu limeneli ndi limodzi mwa amene amagwetsa anthu kwambiri.

Kodi liwu la "interest" limatanthauza chiyani?

Lili ndi matanthauzo akuluakulu anayi, ndipo lililonse lili ndi liwu lakelake m'Chichewa. Pali chiwongoladzanja, ndalama imene wobwereka amawonjezera pobweza ngongole. Pali chidwi, pamene mtima wa munthu wakopeka ndi chinthu. Pali gawo limene munthu ali nalo pa kampani, pa munda kapena pa mlandu. Ndipo pali ubwino, kutanthauza zimene zimathandiza munthu kapena gulu la anthu ngakhale iwo eni asakuziganizira.

Loyamba ndi lachitatu ndi a m'thumba. Lachiwiri ndi lachinayi ndi a umoyo wa anthu pamodzi. Mngelezi amawanyamula onse m'dengu limodzi, pamene ife timawaika m'malichero osiyana.

Zinatheka bwanji kuti ndalama ndi chidwi zikhale m'liwu limodzi?

Liwuli linachokera ku Chilatini, ku mawu oti "inter" ndi "esse", amene tanthauzo lake ndi kukhala pakati. Aroma akanena kuti "interest" ankatanthauza kuti pali kusiyana, kapena kuti nkhaniyo ikukhudza munthu. Akatswiri a malamulo analigwiritsa ntchito pa chipukutamisozi. Ngati munthu walonjeza kubweza ndalama tsiku lakuti koma osabweza, mwini ndalama amaluza kanthu, ndipo chimene chili pakati pa pamene akanakhala ndi pamene ali tsopano ndicho ankachitcha dzina limeneli.

Kwa zaka mazana ambiri mpingo ku Ulaya unkaletsa kubwereketsa ndalama mofuna phindu. Kulipiritsa munthu chifukwa chongomubwereka linali tchimo, koma kulandira chipukutamisozi chifukwa wakuchedwetsera ndalama yako kunkaloledwa. Amalonda anapeza khomo pamenepo. Pang'ono ndi pang'ono liwu la chipukutamisozi lija linasanduka dzina laulemu la chiwongoladzanja, ndipo liwu lakale la "usury" linatsalira obwereketsa odyera anzawo masuku pamutu.

Ku England lamulo la 1545, m'nthawi ya mfumu Henry VIII, linalola chiwongoladzanja chosapitirira 10 peresenti. Analichotsa mu 1552, n'kulibwezeretsa mu 1571. Pamene Bank of England inkakhazikitsidwa mu 1694, inabwereketsa boma mapaundi 1.2 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 8 peresenti. Malamulo oika malire a chiwongoladzanja anathetsedwa m'dzikolo mu 1854.

Tanthauzo la chidwi ndi limene linabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1700, koma njira yake ndi yoonekeratu. Munthu amene ali ndi gawo pa munda amatchera khutu akamva za mvula. Kukhala ndi gawo kunabala kutchera khutu, ndipo pambuyo pake kutchera khutuko kunayamba kutchedwa ndi dzina lomwelo ngakhale pamene palibe gawo lililonse. Mbiri imeneyi ndimaikonda chifukwa imatikumbutsa funso limene mtolankhani sayenera kuliiwala: munthu uyu akuonetsa chidwi, kodi pansi pake pali gawo lanji?

Ndikalipeza m'nkhani, ndingadziwe bwanji tanthauzo lake?

Yang'anani mawu oyandikana nalo. Likatsagana ndi "rate", ndi manambala, kapena ndi "on" patsogolo pa ngongole, ndi chiwongoladzanja. Likabwera pambuyo pa "show", "lose" kapena "attract", nthawi zambiri ndi chidwi, ngakhale kuti ngongole nayonso amati imachita "attract interest", choncho onani ngati chokopacho ndi ngongole kapena nkhani. Likakhala "an interest in" patsogolo pa dzina la kampani, chenjerani kwambiri, pakuti chiganizo chimodzimodzicho chingatanthauze kuti munthuyo ali kale ndi masheya kapena kuti akungofuna kugula.

Ndinaonapo izi pa wailesi ina imene ndinagwirako ntchito. Nkhani inabwera madzulo, patatsala mphindi zochepa kuti tiwerenge, yonena kuti mkulu wina "has an interest in" kampani imene inapatsidwa ntchito yomanga. Mnyamata amene ankamasulira, cholembera chili kukhutu, maso ali pa wotchi ya pakhoma, analemba kuti mkuluyo "ali ndi chidwi ndi kampaniyo". Zinawerengedwa choncho. Womvera kumudzi anamva kuti bwanayo amangoikonda kampaniyo, chonsecho nkhani inali yoti ndi mmodzi mwa eni ake. Mutu wonse wa nkhani unafera m'liwu limodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndimati ngati chiganizo chikumveka pawiri, imbirani foni amene analemba musanamasulire.

Nanga "interest rate" imene timaimva kawirikawiri kuchokera ku Reserve Bank ndi chiyani?

Ndi mlingo wa chiwongoladzanja. Umene Reserve Bank of Malawi imalengeza, wotchedwa "policy rate", ndi mlingo umene mabanki enawa amayang'anapo akamabwereka ku banki yaikuluyo. Si umene inu mudzalipire. Banki yanu imawonjezerapo zake malinga ndi mmene ikukuonerani, ndiye chifukwa chake mlimi ndi kampani yaikulu salipira mofanana.

Banki yaikulu imakweza mlingowu pofuna kuchepetsa kukwera kwa mitengo ya zinthu: ngongole ikadula, anthu amabwereka mochepa ndipo ndalama zozungulira zimachepa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mlingowu unakwezedwa mu February 2024 kuchoka pa 24 kufika pa 26 peresenti. Pamenepa pali msampha wina. Kuchoka pa 24 kufika pa 26 si kukwera ndi 2 peresenti; ndi kukwera ndi mapointi awiri. Njira yosavuta kwa womvera ndi kutchula manambala onse awiri, wakale ndi watsopano, basi.

Ndipo musasiye nkhaniyo m'manambala. Mayi wogulitsa kaunjika amene anatenga ngongole ya K500,000 akufuna kudziwa kuti pakutha pa mwezi azipereka zingati. Mukamuwerengera zimenezo, nkhani ya pa tsamba la zamalonda yasanduka nkhani ya anthu.

Kodi chiwongoladzanja, katapila ndi phindu si chinthu chimodzi?

Ayi. Chiwongoladzanja ndi liwu losaweruza. Limagwira ntchito ku banki, ku SACCO ndi ku banki mkhonde komwe. Katapila ndi kubwereketsa kodula mopanda chifundo, kumene K50,000 imasanduka K75,000 pakutha pa mwezi, ndipo ukalephera amawerengera pa K75,000 yonseyo mpaka ifike K112,500 mwezi wotsatira. Uku ndiko kubereka kwa chiwongoladzanja pamwamba pa chinzake, kumene Angelezi amati "compound interest". Kusiyana kwa chiwongoladzanja ndi katapila kukufanana ndi kuja kwa "interest" ndi "usury" tafotokoza pa funso lachiwiri. Mukalemba kuti banki yakuti ikuchita katapila, dziwani kuti mwapereka chigamulo, ndipo mukhale ndi umboni kapena munene amene wanena.

Phindu ndi zimene wamalonda amatsala nazo akachotsa zonse zimene walowetsa. Kwa banki, chiwongoladzanja ndi njira yopezera phindu, koma si phindu lenilenilo. Kumbukiraninso kuti kwa omvera anu achisilamu kusiyanaku ndi nkhani ya chikhulupiriro: phindu la malonda ndi lololedwa, koma riba, ndiko kuti chiwongoladzanja cha pa ngongole, ndi yoletsedwa.

Kodi "public interest" tingati ndi "chidwi cha anthu"?

Ayi, ndipo pa mafunso onse ili ndi limene ndikufuna mulisunge. Zimene anthu ali nazo chidwi ndi zina, zimene zili zowakomera kudziwa ndi zina. Anthu ali ndi chidwi chofuna kudziwa amene woimba wotchuka akuyenda naye, matenda amene mwana wa nduna akudwala, ndi zimene zinanenedwa pa ndewu ya banja la eni. Zimenezi zimagulitsa nyuzipepala ndipo zimathamanga pa WhatsApp. Koma kuti mankhwala akusowa m'chipatala cha boma chifukwa akutulukira khomo la kuseri, imeneyo ndi nkhani yokomera anthu onse, ngakhale itakhala yosasangalatsa kuwerenga, yodzaza manambala ndi mayina a mafomu.

Kumasulira kwabwino ndi "zokomera anthu onse", "ubwino wa anthu onse", kapena "zimene anthu ali oyenera kuzidziwa".

Chifukwa chimene izi zilili zofunika n'chakuti mawuwa ndi kiyi. Ndi amene mtolankhani amatsegulira zitseko zimene mwa masiku onse sayenera kutsegula: kujambula munthu mobisa, kusindikiza chikalata chachinsinsi, kulowa m'moyo wa munthu wa kuseri. Kiyi wotere akagwera m'manja olakwika amapweteka anthu. Ku Britain, nyuzipepala ya News of the World, imene inayamba mu 1843, inatsekedwa mu July 2011 zitadziwika kuti anthu oigwirira ntchito ankamvetsera mobera mauthenga a m'mafoni a anthu, kuphatikizapo foni ya mtsikana wa zaka 13 amene anasowa mu 2002 n'kupezeka ataphedwa. Boma linakhazikitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi woweruza Brian Leveson, amene anatulutsa lipoti lake mu November 2012. Mbali yaikulu ya zokambiranazo inazungulira pa kusiyana komweku. Owerenga analidi ndi chidwi, ndipo chidwicho chinkabweretsa ndalama, koma panalibe ubwino uliwonse umene mtundu unapeza pomvetsera foni ya mwana wa eni.

Yerekezani ndi nkhani ya Cashgate kuno kwathu. Mu September 2013 mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma anawomberedwa ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira zinaululika kuti mabiliyoni a makwacha ankatuluka ku Capital Hill kupita kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Atolankhani anatchula mayina, anaonetsa nyumba ndi magalimoto, analemba za ndalama zopezeka m'mabuti a galimoto. Kumeneko kunali kulowa m'moyo wa anthu, koma kunali koyenera, chifukwa ndalamazo zinali za msonkho wa tonse. Pa nkhani imeneyo chidwi ndi ubwino zinayendera limodzi. Sizichitika choncho nthawi zonse.

Kodi pali malamulo amene amafotokoza tanthauzo la mawu amenewa?

Alipo, ngakhale ambiri amapereka zitsanzo m'malo mwa tanthauzo limodzi. Ndondomeko ya akonzi a nyuzipepala ku Britain imatchula zinthu monga kuulula umbanda, kuteteza umoyo ndi chitetezo cha anthu, ndi kuteteza anthu kuti asanamizidwe. Mu 1999, pa mlandu umene Albert Reynolds, nduna yaikulu yakale ya Ireland, anasumira eni nyuzipepala ya Sunday Times, bwalo lalikulu la ku Britain linavomereza kuti mtolankhani amene wagwira ntchito mosamala pa nkhani yokomera anthu onse akhoza kutetezedwa pa mlandu woipitsa mbiri. Mfundo imeneyi inadzalowa m'lamulo lolembedwa mu 2013. Ku America, lamulo la 1934 loyang'anira mawailesi limati wolandira chiphaso azitumikira ubwino wa anthu onse, pakuti mafunde a wailesi si a munthu mmodzi.

Ku Malawi, ndime 36 ya malamulo oyendetsera dziko imateteza ufulu wa atolankhani, ndipo ndime 37 imapereka ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga. Lamulo lothandiza kuti ufulu wachiwiriwu ugwire ntchito linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu December 2016, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020.

Nanga "national interest" ndi chimodzimodzi?

Zimafanana pakamwa, koma kawirikawiri zimatuluka m'kamwa mosiyana. Atolankhani amatchula ubwino wa anthu pofuna kuulula. Olamulira amatchula ubwino wa dziko pofuna kuti chinthu chisaululidwe. Nthawi zina olamulirawo amanena zoona, monga pa zachitetezo. Nthawi zina chimene akuteteza ndi mpando. Masulirani kuti "zokomera dziko", koma nenani momveka kuti ndani wanena, ndipo mufunseni kuti dziko lipwetekeka bwanji anthu akadziwa.

Kodi "human interest story" ndi nkhani yotani?

Apa ndiye tanthauzo ndi chidwi chenicheni. Ndi nkhani ya munthu wamba imene imagwira mtima: agogo amene akulera adzukulu asanu ndi atatu, mnyamata wa kabaza amene akudzilipirira sukulu. Nyuzipepala zotchipa za ku New York, monga The Sun imene inayamba mu 1833 n'kumagulitsidwa pa peni imodzi, ndi zimene zinakuza kalembedwe aka, zitaona kuti anthu wamba amagula nkhani za anthu anzawo kuposa za ndale ndi mitengo ya katundu wa pa doko.

Musaipeputse. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Nyuzipepala ya Daily Times italemba za iye mu 2006, nkhaniyo inafalikira mpaka anakayankhula pa msonkhano wa TED, umene anthu amafotokozerapo nzeru zatsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007. Inali nkhani yogwira mtima, koma mkati mwake munali njala ya 2002, fizi ya kusekondale ndi kusowa kwa magetsi kumudzi. Nkhani yabwino ya mtundu uwu imakokera wowerenga ndi chidwi n'kumufikitsa pa zokomera onse. Yoipa imangoonetsa misozi ya munthu wosauka, n'kumusiya mmene anamupezera, ulemu wake utachepa.

Kodi "conflict of interest" tiinene bwanji, ndipo ikukhudzana bwanji ndi chipondamthengo?

Palibe liwu limodzi, choncho fotokozani: ndi pamene munthu wapatsidwa udindo wotumikira ena koma ali ndi gawo lake pa nkhani yomweyo. Wapampando wa komiti yopereka makontirakiti amene mlamu wake wapikisana nawo ali pamenepo. Sizitanthauza kuti waba kale. Zikutanthauza kuti ali ndi mapanga awiri, ndipo tikudziwa zimene mapanga awiri amachita. Pomasulira musalumphe n'kunena kuti "wachita katangale" ngati nkhani yangonena kuti anali ndi gawo.

Apa ndi pamene matanthauzo awiri aja, la m'thumba ndi la anthu, amakumana maso ndi maso, ndipo amakumananso mwa mtolankhani mwini. Tonse amene tagwira ntchitoyi tikudziwa mmene msonkhano wa atolankhani umathera: pepala likuzungulira, aliyense akulemba dzina ndi kusaina, kenako envulopu. Ena amati ndi "logistics", ena amati ya transipoti, koma dzina lake lodziwika ndi chipondamthengo, lobwerekedwa ku ndalama imene umapereka kwa sing'anga asanalowe m'tchire kukafuna mankhwala. Sindinyoza amene amalandira. Ndaona atolankhani akuyenda wapansi kuchoka ku msonkhano, malipiro atachedwa miyezi iwiri, lendi ikudikira. Koma zoona zake n'zakuti envulopu ija ndi ngongole, ndipo chiwongoladzanja chake chimabwezedwa tsiku limene wopereka uja wapezeka m'nkhani yoipa. Funso limene ukanafunsa limakakamira pakhosi. Amene amalipira ngongoleyo ndi womvera, amene sadziwa n'komwe kuti inatengedwa. Mlandu waukulu uli kwa eni nyumba zofalitsa nkhani amene amatuma munthu kutali opanda ndalama ya ulendo.

Kodi mtolankhani wa zachuma angagule masheya?

Angagule, koma osati a kampani imene akuilemba, ndipo mkonzi wake adziwe zimene ali nazo. Ku America, R. Foster Winans wa nyuzipepala ya Wall Street Journal anapezeka wolakwa mu 1985 chifukwa chouziratu ogulitsa masheya zimene zituluke m'danga lake, iwo n'kumagula kapena kugulitsa nkhaniyo isanasindikizidwe. Msika wathu wa masheya ku Blantyre, umene kampani yoyamba kulembetsapo inali NICO mu 1996, ndi waung'ono, ndipo pa msika waung'ono nkhani imodzi ikhoza kusuntha mtengo. Onaninso yankho la pamwambapa.

Akamati mkulu wa boma achite "declare interests", akufuna anene chiyani?

Akufuna aulule gawo limene ali nalo m'mabizinesi, osati zimene amakonda. Lamulo la 2013 lokhudza akuluakulu a boma limatchula zinthu zitatu m'dzina lake lomwe: katundu, ngongole ndi "business interests". Omasulira ambiri amangoti "kuulula chuma chawo", n'kusiya ziwiri zinazo. Koma chachitatucho ndi chimene chimathandiza mtolankhani kwambiri, chifukwa ndi chimene chimaonetsa ngati wopereka kontirakiti ndi woilandira amadyera mbale imodzi.

Pali timawu tina ting'onoting'ono timene timasokoneza. Tingatimasulire bwanji?

"Expression of interest", imene imadzaza masamba a zotsatsa, ndi kuitana makampani kuti aonetse kuti akufuna ntchitoyo, kontirakiti sinaperekedwe. "Interested party" kukhoti ndi munthu kapena bungwe limene mlanduwo ukulikhudza, osati wongobwera kudzaonerera. "Controlling interest" ndi masheya okwanira kulamulira kampani. "Interest group" ndi gulu lomenyera zofuna za mamembala ake, monga la alimi a fodya. "Interest-free" ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja, koma funsani ngati palibe ndalama zina zolipira pambali.

Awiri amene amasokoneza ngakhale Angelezi eni ake ndi "disinterested" ndi "uninterested". Woyambayo ndi munthu wopanda gawo, amene angaweruze mosakondera. Wachiwiriyo ndi wopanda chidwi. Nyakwawa yabwino pa bwalo imakhala yoyambayo, koma isakhale yachiwiriyo.

Bwanji osangopeka liwu limodzi la Chichewa, kapena kungobwereka lachingerezilo?

Anthu amabwereka kale. Ku banki mkhonde mudzamva amayi akuti "intelesiti ya mwezi uno", ndipo palibe amene amasokonezeka chifukwa pamphasa pali kope ndi mbale ya ndalama. Pa kucheza zimenezo zilibe vuto.

Koma pa nkhani yowerengedwa kwa anthu mamiliyoni sindingalimbikitse. Ena amaganiza kuti Chichewa n'choperewera chifukwa chimafuna mawu anayi pamene Chingerezi chili ndi limodzi. Ine ndimaona kuti apa ndife amwayi. Mneneri wa kampani akhoza kuima pamaso pa makamera n'kunena kuti achita zakutizakuti "in the interest of our customers", ndipo liwulo limaphimba bwinobwino kuti ubwino wa kasitomala ndi phindu la kampani zasakanizidwa. Womasulira m'Chichewa sangadutse pamenepo osasankha. Ayenera kulemba kuti "pofuna kuthandiza makasitomala" kapena "pofuna kuteteza phindu lawo", ndipo kuti asankhe bwino ayenera kubwerera kwa mneneri uja n'kumufunsa kuti mitengo yatsopanoyo ikusiya ndalama zingati m'thumba la kasitomala ndi zingati m'thumba la kampani. Ngati nthawi yowerenga nkhani yakwana yankho lisanabwere, nenani zimene kampaniyo yachita, tchulani kuti mawu oti n'zokomera makasitomala ndi a mneneriyo, ndipo funso lija mulifunsenso mawa.